Dambo la ku Bembeke likusowa mboni

Abale anzanga, ndiyambe ndi kuulula. Pa zithunzi zoposa 400 zimene ndinajambula ku Bembeke m'masiku atatu a mwezi wa Januwale 2024, zoti ndingaonetse munthu popanda kuchita manyazi sizikwana khumi. Zinazo ndi udzu, nkhungu, madzi amatope ndi michira ya mbalame zimene zinali zitanyamuka kale pamene chala changa chimadina. Mnzanga wina wogulitsa mafoni mu Lilongwe atazipenya anaseka mpaka kugwira m'mimba, nati: "Achimwene, ndalama munaonongera minibasi ija bwenzi mutapikula matumba awiri a mbatatesi n'kudzagulitsa pa Wakawaka. Mbalame za pa chithunzi mudya?"

Tsikulo sindinamuyankhe. Ndikumuyankha lero, pamodzi ndi onse amene amati kujambula mbalame ndi masewera a azungu ndi anthu okhuta, komanso ena aja amene mtima wofuna kuyamba ali nawo koma akudikira tsiku limene adzagule kamera ya mamiliyoni.

Kamera yanga si yoti munthu n'kuyenda nayo monyada. Ndinagula kwa mnyamata wina wochokera ku Joni amene ankasowa ndalama ya basi yobwererera, ndipo inali itatumikira kale anthu ena kwa zaka zoposa khumi. Lenzi yake imathera pa 300mm. Akatswiri amene zithunzi zawo mumaziona pa makalendala amanyamula malenzi a 500mm kapena 600mm, aatali ndi olemera ngati musi, ndipo yatsopano imodzi mtengo wake umaposa wa kagalimoto kogwiritsidwa kale ntchito kochokera ku Japan. Ine kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale kugula batire lachiwiri inali nkhani yoyamba takambirana ndi mayi a kunyumba. Za mbalamenso sindinaphunzire. Ku sukulu ya ukachenjede ndinachoka chaka chachiwiri chisanathe, fizi itavuta, ndipo chichokereni ndimadya za cholembera.

Ambiri a inu Bembeke mumamudziwa ngati poima basi. Mukangopitirira pa boma la Dedza polowera ku Ntcheu mu msewu wa M1, amayi aja amathamangira pa windo ndi mbatatesi, kabichi, nyemba, ndi mapichesi nthawi yake ikakwana. Mumagula, kondakitala amenya chitseko, ulendo. Koma mukasiya tala n'kulowa m'midzi ya kwa Inkosi Kamenyagwaza, mudzaona kuti pakati pa zitunda pali madambo: zigwa zafulati zopanda mitengo, za dothi lakuda, mmene madzi amakhalira pansi pa udzu ngakhale mvula italeka. Ndiwo zamasamba ndi mbatatesi zimene timadya m'tauni m'chilimwe, zambiri zimachokera m'malo ngati amenewo. Ndi mmenemonso mmene mumakhala mbalame zimene ndinatsatira.

Tsiku loyamba ndinachita zopusa. Ndinatsikira ku dambo mbandakucha ndi kamera pa khosi osalonjera aliyense. Pasanathe mphindi makumi awiri kunatulukira bambo wina ali ndi khasu pa phewa.

"Zikomo alendo. Kodi mukuyeza malo athuwa?"

"Iyayi bambo, pepani ndalakwa. Ndimati ndijambule mbalame."

"Mbalame? Nanga amfumu akudziwa?"

Bamboyo sanalakwe. Mlendo akaloza makina ku munda wa munthu, mwini wake amaganiza za kulandidwa malo, ndipo tonse tikukumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017 zimene zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi maboma ena chifukwa chongokayikiridwa. Safunsa anadya phula. Ndinatsagana naye kwa amfumu, ndinakhala pansi, ndinafotokoza kumene ndachokera ndi chimene ndimafuna, ndinawaonetsa mmene kamera imagwirira ntchito powajambula nkhuku yawo. Anaseka, nati: "Pitani mwanangu, koma musapite nokha, mungatitire m'matope." Anandipatsa mdzukulu wawo wa zaka ngati khumi ndi ziwiri, legeni ili pa khosi monga ine kamera.

Mwana ameneyo ndiye anali mphunzitsi wanga. Wa legeni ndi wa lenzi yaifupi vuto lawo ndi limodzi: onse ayenera kufika pafupi. Ndi 300mm, kambalame kakang'ono kakakhala patali kuposa mapazi khumi kapena khumi ndi asanu, pa chithunzi kamaoneka ngati ntchentche yagwera mu phala. Ine ndinkachita kukalondola ndili chilili, iko n'kuuluka. Mwanayo anandigwira malaya: "Amalume, khalani pansi. Zibwera zokha." Tinakhala kuseri kwa chulu, dzuwa lili kumsana kwathu, thalauza litanyowa ndi mame, kwa nthawi yoposa theka la ola osayankhula. Akulu akale ponena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndikhulupirira anali atakhalapo m'dambo. Pang'ono ndi pang'ono dambo linatiiwala, mbalame zinabwerera ku ntchito zawo.

Zina ndinaphunzira polakwitsa, ndipo ndizinena kuti wina asaononge tsiku ngati ine. Ku Bembeke m'mawa kumazizira ngakhale nthawi ya dzinja, ndipo batire lokalamba likazizidwa limafooka msanga, choncho lapadera muliike m'thumba la malaya amkati kuti lizimva thupi. Lenzi ikachita nthunzi musapukute ndi juzi, idikireni kapena mugwiritse kansalu kofewa. Miyendo itatu ija yoimikapo kamera ndinalibe, ndiye ndinagula nyemba za mbale imodzi, ndinazithira mu sokosi n'kumanga, ndipo pa chulu kapena pa bondo kamera inkakhazikika bwino lomwe. Mbalame youluka imafuna kuti chitseko cha kamera chitseke msanga, pa 1/1000 kapena kuposa apo, koma m'mawa kuwala kukakhala kochepa kamera yakale imakukakamiza kukweza ISO, ndipo chithunzi chimatuluka ndi timadontho ngati wachiwaza mchenga. Ndinasankha mchengawo kusiyana ndi chithunzi chogwedera. Kakowa naye ali ndi msampha wake: ndi woyera mbee pa udzu wobiriwira, ndiye kamera imamuwalitsa mopitirira mpaka nthenga osaoneka, amangokhala ngati pepala. Uyenera kuchepetsa kuwala ndi sitepe imodzi. Zonsezi si za digiri ayi.

Chithunzi chimene ndimachikonda ndi cha nantchengwa. Anatera pa kathawale ka madzi ofika m'kakolo, patsogolo pathu penipeni, n'kuyamba kuvundula matope ndi phazi limodzi kuti achule ndi ana awo adzidzimuke. Ndinayang'ana mwana uja kuti mwina akoka legeni, koma manja anali atapinda. "Ameneyu sitigenda, amalume. Ngwamalodza." Kenaka anandilozera chisa chake pa mphanda ya mtengo m'mphepete mwa dambo, chimulu cha timitengo ndi matope chachikulu ngati denga la nkhokwe yaing'ono. Mabuku amati chisa cha nantchengwa chimatha kupitirira mita imodzi ndi theka m'lifupi, ndipo munthu wamkulu akhoza kuimapo osachigumula. Mantha a makolo ndi amene akhala akusunga mbalame imeneyi. Koma malodza amateteza ku legeni kokha, sangateteze thawale la achule kuti lisaphwe.

Panalinso kena kotuwa, ka miyendo yaitali, kamene kankayenda m'mphepete mwa madzi kakugwedeza kumchira. Mwanayo ankakadziwa koma anati kamangooneka nthawi ya mvula. Chithunzi chake chinatuluka choipa zedi, komabe chinakwanira kuti nditabwerera ku tauni anthu odziwa andiuze kuti m'mabuku amakatcha Wood Sandpiper. Kamaswana kumpoto kwa Ulaya ndi ku Russia, kulemera kwake sikusiyana kwenikweni ndi dzira la nkhuku, ndipo chaka ndi chaka kamauluka makilomita zikwizikwi kuthawa chisanu, n'kudzatera pa thawale la kuseri kwa mudzi ku Dedza popanda pasipoti. Apa mpamene ndinazindikira kuti chithunzi chikhoza kunyansa koma n'kunena zoona.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera.

Chaka chomwecho mvula inadula pakati chifukwa cha El Niño, ndipo mu Malichi 2024 a Lazarus Chakwera, omwe anali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Uthenga wa paliponse unali woti anthu alime m'madimba. Nditabwerera ku Bembeke mu Sepitembala ndinapeza pamalo paja pali mizere ya mbatatesi ndi kabichi, zitsime zokumba pamanja, ndi ngalande yatsopano yodutsa pakati pa dambo. Sindinadabwe kwambiri, poti kuyerekeza Januwale ndi Sepitembala n'kudzinamiza. Dambo m'chilimwe limasintha nkhope chaka chilichonse. Ndiye ndinadikira. Mu Januwale 2025 ndinakakhalanso kuseri kwa chulu chomwe chija, nthawi yomweyo ya m'mawa, mtengo wa chisa uja uli kumanja kwa chithunzi monga poyamba. Mvula inali itagwa dzulo lake. Koma thawale panalibe. Madzi onse ankathamangira m'ngalande ija, imene inali itakula n'kuyamba kudya m'mbali mwake ngati chigwembe. Akakowa analipo, akhwangwala analipo ambiri. Nantchengwa ndi kamlendo ka ku Russia kaja sindinawaone m'mawa onse awiri amene ndinakhalapo.

Musandimve molakwa, sindikuloza chala mlimi. Kalembera wa 2008 anapeza anthu pafupifupi 624,000 m'boma la Dedza, ndipo wa 2018 anapeza oposa 830,000, pamene malo ndi omwe aja. Dimba ndi limene limalipira fizi, limagula feteleza ndi malata. Ndipo amene timapikula ndowa za mbatatesi pa mtengo wolira, n'kukakazinga tchipisi ku Area 25 ndi ku Ndirande, ndife a m'tauni. Ngalande ija inakumbidwa ndi khasu la ku Bembeke koma njala imene inaikumbitsa ndi yathu tonse. Ndivomerenso kuti zithunzi ziwiri si kafukufuku. Mvula ya chaka china simafanana ndi ya chaka china, ndipo mbalame ili ndi mapiko, mwina inangosamukira dambo lina kuseri kwa phiri.

Koma tandiuzani, ndani angatsimikize kuti inasamuka kapena ikutha, ngati palibe amene analemba kapena kujambula kuti inalipo?

Nyanja ya Chilwa inalowa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse, wa pangano la Ramsar, mu 1996, ndipo dambo la Elephant Marsh ku Chikwawa ndi Nsanje linalowa mu 2017. Chilwa ataphwa mu 1995 ndi mu 2018 atolankhani anathamangirako, dziko lonse linamva. Koma timadambo ta ku Bembeke, ku Lobi, ku Tsangano, tilibe chikwangwani, tilibe mlonda, ndipo tikauma palibe wailesi imene imalengeza. Chonsecho mitsinje imayambira kumapiri komweku. Linthipe amene amakathira m'nyanja ku Salima amachokera ku Dedza, ndipo Namikokwe amene amathirira mpunga pa sikimu ya Bwanje amatsika kuchokera ku zitunda zomwezi. Dambo likang'ambidwa ndi ngalande madzi a mvula amathawa tsiku lomwelo m'malo molowa pansi, ndipo oyamba kumva kuwawa si mbalame ayi, ndi mayi amene chitsime chake chayamba kuphwa mu Okutobala. Mbalame zimangokhala zoyamba kusamuka.

Pali mbalame ina yaitali ya m'madambo imene m'mabuku amaitcha Wattled Crane. Kale inkapezeka ku Nyika ndi ku Kasungu, koma lero kuiona m'Malawi ndi mwayi waukulu. Tikudziwa kuti yachepa chifukwa panali anthu amene ankalemba tsiku ndi malo pamene aiona. Ndipo anthuwo anali ndani? Charles Belcher, woweruza milandu wa boma la atsamunda, anatulutsa buku la mbalame za Nyasaland mu 1930. C.W. Benson, amene anali bwanamkubwa wa maboma nthawi ya atsamunda, anatulutsa mndandanda wake mu 1953, ndi buku lina pamodzi ndi mkazi wake mu 1977. Buku lalikulu la 2006 la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett linawerenga mitundu pafupifupi 650 ya mbalame m'dziko muno. Ntchito yawo ndi yotamandika, sindikuinyoza. Koma ndi angati mwa ophunzira athu amene anamvapo za Jali Makawa? Bambo ameneyu anayenda ndi Benson kwa zaka zambiri m'nkhalango ndi m'madambo, wodziwa kulira kwa mbalame kuposa azungu amene ankawatumikira, ndipo kambalame kamene anapeza ku Zambia mu 1964 asayansi anakatcha Pogoniulus makawai pomulemekeza. Maso akhala ali athu kuyambira kale. Chimene tinalibe ndi cholembera ndi makina osindikizira.

Lero chodandaulira chimenecho chatha. Foni ili m'thumba mwanumo ikajambula imasunga yokha tsiku ndi nthawi, ndipo mukaiuza imasunganso malo. Pali eBird, imene inayambitsidwa mu 2002 ndi a Cornell ku America, kumene aliyense amalemba mbalame zimene waona popanda kulipira. Pali iNaturalist, kumene umaika chithunzi ngakhale sukudziwa dzina, ena n'kukuthandiza. Kuno kwathu kuli bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba mu 1947, ndipo lili ndi makalabu m'masukulu. Koma alendo obwera ndi malenzi a musi aja njira yawo ndi yodziwika: Liwonde, Nyika, phiri la Zomba, Dzalanyama. Sangatsike basi pa Bembeke kukakhala pa chulu m'dambo la mbatatesi, poti mulibe mbalame yoti akanyadire kwawo. Amene amafika m'malo otere sabata ndi sabata ndinu a geni, amene mumakhala maola atatu pa Lizulu kapena pa Jenda kudikira kuti matumba adzaze, ndi inu ophunzira amene mumapita ku mudzi holide iliyonse n'kumadandaula kuti kulibe chochita.

Sindikunena kuti musiye geni. Ndikunena kuti dambo limene mumaliona mukapita kokapikula, mulijambule kuchokera pamalo amodzimodzi, pali chizindikiro chosasuntha ngati thanthwe kapena mtengo, kamodzi m'dzinja kamodzi m'chilimwe. Mbalame ikatuluka ngati kadontho, musachifufute. Funsani agogo a pamenepo dzina lake m'chinenero chathu n'kulilemba, chifukwa maina amenewo m'mabuku aja mulibe ambiri, ndipo akupita kumanda limodzi ndi eni ake. Ine amene ndikulemba pano ndimadziwa nkhwali, tsekwe, kakowa, namzeze ndi mpheta, kenaka ndimayamba kuloza ndi chala, pamene mwana wa legeni uja anatchula maina oposa makumi awiri m'mawa umodzi. Wa ku yunivesite ndani pamenepa?

Pali zinthu ziwiri zimene ndikupemphani musachite. Musapatse ana ndalama kuti akugwirireni mbalame ndi ulimbo kuti muijambule pafupi. Ndinayesedwapo, mnyamata wina atandibweretsera kambalame kofiira ndi kwakuda kali m'manja, ndipo kunena zoona chithunzi chake chikanaposa zonse zimene ndili nazo. Koma ukagula kamodzi mawa adzabweretsa khumi. Chachiwiri, musajambule munthu ali m'dimba mwake osapempha, n'kukamuika pa Facebook ngati chitsanzo cha woononga chilengedwe, inu muli kudya kabichi wake.

Mnzanga wa mafoni uja adzafunsabe kuti phindu lake n'chiyani. Ndimuuze zimene zinachitika. Zithunzi ziwiri zija, cha Januwale 2024 ndi cha Januwale 2025, ndinakazitsukitsa pa pepala n'kupita nazo kwa amfumu. Anaziyang'ana nthawi yaitali osayankhula, kenaka anaitana akazi awo ndi bambo wa khasu uja. Za nantchengwa sanakambe n'komwe. Anayamba kutsutsana za ngalande: wina amati inakumbidwa mozama kwambiri, wina amati vuto ndi oumba njerwa kumtunda, mayiwo amati chitsime cha kumunsi chinaphwa msanga chaka chimenecho kuposa kale lonse. Bambo wa khasu, amene ndinadzamva kuti ngalandeyo anakumba nawo, ankangobwereza kuloza pa chithunzi choyamba: "Apa mpamene tinkachapira." Onsewa ankadziwa kale kuti dambo lasintha, amakhala pomwepo. Koma chikumbumtima cha munthu wina umatha kuchitsutsa, pamene pepala lili pa mphasa aliyense amaliona chimodzimodzi. Sanagwirizane chilichonse ine ndilipo, ndipo sindikulonjeza kuti ngalande ija idzakwiriridwa. Amfumu anangopempha kuti zithunzizo ndiwasiyire, akazionetse pa msonkhano wa mudzi.

Ndisananyamuke mdzukulu uja anandipempha kuti agwireko kamera. Ndinachita mantha pang'ono, poti ina ndilibe, koma ndinamukoleka lamba m'khosi n'kumuonetsa podina. Anavula legeni n'kundipatsa kuti ndimusungire, anakwawa chamimba m'udzu wonyowa mpaka kufika pafupi ndi kakowa amene ankatsata ng'ombe, pamtunda umene ine sindinafikepo ndi kamodzi komwe. Anadina katatu basi. Chimodzi mwa zitatuzo chikuoneka diso la mbalame ndi chiwala chili kukamwa, ndipo ndi chimene chili pa khoma kunyumba kwanga. Alendo akachiyamikira ndimayamba ndakhala chete pang'ono ndisananene amene anajambula.